Njerwa, Matope ndi Alonda a Pakhungu

Mwana wa mlongo wanga amakanda ali m'tulo. Ndinaziona ndekha usiku wina wa mu Julaye nditagona kwawo cha ku Ntaja, mwera ukulowera pansi pa chitseko. Maso ali chitsinzire, kadzanja kake kankapita kokha m'kati mwa chigongono, kwee, kwee, kwee, kenako n'kutsikira kuseri kwa bondo. Kutacha, pachitenje chimene anafunda panali timadontho ta magazi. Malo amene amakandawo anali okhuthala, akuda kuposa thupi lonse, a mizeremizere ngati khungwa la mango wakale. Anali ndi zaka zinayi, ndipo vutoli linamuyamba m'masaya asanasiye n'kuyamwa komwe.

"Achimwene, palibe chimene sindinachite," anatero mayi ake tikumwa tiyi. "Ndimamusambitsa kawiri pa tsiku ndi sopo wochapira uja, ndimamukhula ndi chinkhupule mpaka amalira. Kumjigo anthu akumandinena kuti sindisamala mwana."

Mlongo wanga amasamala ana ake kwambiri, ndipo maganizo ake anali omveka: khungu likatuwa ndiye kuti pali litsiro, ndipo litsiro mankhwala ake ndi sopo. Koma pa matenda awa, amene kuchipatala amawatcha eczema pamene kumudzi timangowaphatikiza ndi ziwengo, kukhulako n'kumene kunkasonkhezera moto. Kuti timvane ndinamutengera kuseri kwa khitchini yake, kumene khoma linadyeka ndi mvula, matope a pakati pa njerwa atakokoloka moti chala chimalowa.

Aliyense woyenda msewu wa Liwonde kupita ku Balaka m'chilimwe amaona mauvuni akufuka utsi. Ntchito yake timaidziwa: kuponda dothi, kulishindira m'chikombole, kuyanika, kusanja uvuni, kuotcha. Khungu lathu limagwira ntchito yomweyo usana ndi usiku. Pansi pa gawo lake lakunja pali mzere wa maselo amene amangokhalira kuumba anzawo atsopano. Selo likangoumbidwa limakankhidwira m'mwamba ndi obwera pambuyo pake, ndipo pa ulendowu limaphwatalala, limauma, limadzaza ndi puloteni yolimba yotchedwa keratin, pomaliza n'kufa. Kufa kumeneko ndiko kupsa kwa njerwayo, pakuti selo lakufalo ndilo lolimba. Ulendo wonse umatenga pafupifupi milungu inayi. Pamwamba penipeni pamakhala mizere 15 kapena 20 ya njerwa zoterezi, ndipo yonse pamodzi ndi yopyapyala kuposa tsamba la kope la mwana wasukulu. Pakati pa njerwazo pali matope ake, omwe ndi mafuta opangidwa ndi khungu lenilenilo. Fanizo la njerwa ndi matope analifalitsa ndi dokotala wa khungu wa ku San Francisco, Peter Elias, m'zaka za m'ma 1980, ndipo lero lili m'mabuku ambiri a madokotala a khungu. Ine ndimaona kuti limamveka bwino kuno kuposa kwawoko, chifukwa ife khoma timalimanga ndi manja athu ndipo timadziwa mmene limayambira kugwa.

Khoma la pathupi limasiyana ndi la nyumba pakuti limakula kuchokera pansi, mizere ya pamwamba ikumayoyoka yokha ngati fumbi. Limasiyananso pa ntchito. Nyumba imakana mvula kuti isalowe, pamene khungu limakana kuti madzi a m'thupi, omwe ndi oposa theka la kulemera kwa munthu, asatuluke. N'chifukwa chake mwana akagwera pamoto m'nyengo yozizira n'kupsa malo aakulu, anamwino amathamangira kumuika diripi. Khoma lagwa, madzi akuthawa.

Tsono taganizani za sopo. Ntchito yake ndi kusungunula mafuta, ndipo sasankha kuti awa ndi a pa mbale, awa ndi matope a khungu la mwana. Pali chinanso. Khungu labwino limakhala lowawasa pang'ono, mbali ya bwemba kapena mandimu koma mopepuka kwambiri. Pa sikelo imene asayansi amayezera kuwawasa limakhala cha pa 5. Sopo wochapira amakhala cha pa 9 kapena 10, mbali ya chidulo. Mayi aliyense amadziwa chimene chidulo chimachita kwa therere kapena chigwada: chimafewetsa mpaka masamba aphwanyike. Khungu la munthu wabwinobwino limapirira zimenezi, n'kudzikonza pakapita maola angapo. La mwana wa eczema, lomwe matope ake ndi ochepa kale, silipirira. Onjezanipo chinkhupule, madzi otentha, ndi mpweya wouma wa ku Balaka umene umang'amba makande mu Okutobala mpaka phazi kumalowa m'ming'alu. Khungu limene likutuwa kuti mbuu, kawirikawiri sililira sopo ayi. Ndi njerwa zimene zaguluka m'mphepete chifukwa matope atha.

Koma khoma lokha silikanamudzutsa mwana uja usiku. Pali alonda.

Mu 1868 mnyamata wina wa zaka 21, Paul Langerhans, akuphunzira udokotala ku Berlin, anathira mankhwala a golide pa kachidutswa ka khungu n'kukaika pa maikulosikopu. Anaona maselo achilendo okhala ndi manja ambiri otambalala pakati pa njerwa zija ngati mizu ya kachere. Iye anaganiza kuti ndi mitsempha yomvera kukhudza. Anaphonya, ndipo panapita zaka pafupifupi 100 anthu asanazindikire kuti maselo amenewa, omwe mpaka lero amadziwika ndi dzina lake, ndi alonda a chitetezo cha m'thupi. Amatambasula manja awo m'mipata ya khoma, akagwira chinthu chachilendo amachinyamula n'kupita nacho ku timabwalo ta m'thupi, tija timatupa m'khwapa ndi m'mphechepeche totchedwa mwanabere, kukachionetsa kwa asilikali. Nkhani ya Langerhans imandilimbikitsa chifukwa anali wophunzira chabe, wopanda udindo uliwonse, ndipo ngakhale kumasulira kwake kunali kolakwa, chimene anaonacho anachijambula molondola moti anzake a m'tsogolo anapitirira pomwepo.

Chimene chimachitika alonda akakuwa tonse tinachionapo m'mudzi. Munthu akafuula pakati pa usiku kuti "Wakuba!" zitseko zimatseguka, anthu amatuluka ndi zibonga ndi matochi, agalu akuuwa, njira zonse n'kudzaza. M'khungu namonso mitsempha ya magazi imatanuka kuti asilikali afike ambiri, madzi amatayikira m'minofu, malowo amatupa, amatentha, amawawa. Madokotala amazitcha ndi liwu limodzi lakuti inflammation. Ife timangoti patupa, patentha, pakuwawa. Ngati wakubayo analipodi, monga minga yakubaya kapena tizilombo talowa pachilonda, chipwirikiticho n'chopulumutsa moyo. Koma m'mawa mwake mumapezabe kuti dimba la tomato lapondedwa ndipo mpanda wa udzu wagwa. Opulumutsa omwewo amawononga podutsa.

Pa eczema, alonda ndi amantha. Khoma lili ndi ming'alu, ndiye fumbi la m'nyumba, utsi wa kukhitchini, thukuta, ulusi wa bulangeti, zonse zimasuzumira m'kati, ndipo alonda amakuwira chilichonse ngati wakuba, ngakhale ili mbuzi yongodutsa. Mfuu yawo imayenda ndi timapuloteni totumiza uthenga totchedwa interleukin, tomwe asayansi anatipatsa manambala. Wa nambala 31 amapita molunjika ku mitsempha n'kuyambitsa kuyabwa. Wa nambala 4 ndi wa nambala 13 amaitana khamu, komanso amasokoneza oumba njerwa moti njerwa zotsatira zimatuluka zofooka. Mwana amakanda, zikhadabo zimagumula mizere ina, mabakiteriya otchedwa Staphylococcus aureus amapeza pokhala, alonda amakuwanso mokweza. Zikapitirira miyezi, khungu limadziteteza pokhuthala, ndipo ndi khungwa la mango lija ndinaona pa chigongono. Matendawa sapatsirana. Amayenda m'magazi a banja limodzi ndi mphumu ndi chimfine chosatha, ndipo m'mayiko ambiri amagwira mpaka mwana mmodzi mwa ana asanu. Nditanena za mphumu mlongo wanga anangoti phee, pakuti bambo a mwanayo amabanika chaka chilichonse chisanu chikayamba.

Kwa zaka zambiri madokotala ankakhulupirira kuti vuto lonse ndi alonda. Mu 2006 gulu la Irwin McLean ku Dundee, ku Scotland, linaonetsa kuti mwa anthu ambiri vuto limayambira pa njerwa. Pali puloteni ina, filaggrin, imene imagwira ntchito ya munthu woshindira dothi m'chikombole: imapanikiza za m'kati mwa selo kuti njerwa ituluke yosalala ndi yolimba. Ikamaliza imaphwanyika n'kusanduka tizidutswa timene timagwira chinyezi m'khungu ndi kulisunga lowawasa. Ku Ulaya pafupifupi munthu mmodzi mwa khumi amabadwa ndi chilema pa malangizo a chibadwa opangira puloteni imeneyi, ndipo anthu otero ndi amene eczema imawakonda kwambiri. Zotsatirazi zinatembenuza maganizo a madokotala padziko lonse, moti kudzola mafuta, kumene ena ankakuona ngati kungodzikongoletsa, kunayamba kuwerengedwa ngati mankhwala enieni.

Kenako panabwera funso loti: nanga ife? Dokotala wa khungu Fatema Thawer-Esmail ndi anzake ku Cape Town anayeza odwala eczema a mtundu wa amaXhosa, n'kutulutsa zotsatira zawo mu 2014. Chilema cha chibadwa chija sanachipeze. Komabe tizidutswa togwira chinyezi tija tinali tochepa m'khungu la odwalawo. Ku Ethiopia nakonso ofufuza anapeza kuti zilema zofala ku Ulaya zija n'zosowa. Khoma lathu limang'ambikanso, koma zikuoneka kuti limafika pong'ambikapo podzera njira ina, ndipo njira imodzi yomveka ndi ija ya mfuu ya alonda imene imasokoneza oumba njerwa. Apa ndi pamene nkhaniyi imandigwira mtima. Chimene chinapezeka pa ana a ku Scotland ndi choona, koma sichinathe kufotokoza za mwana wa ku Cape Town mpaka munthu wina atapita kukayeza khungu la mwana wa ku Cape Town.

Ngakhale kaonekedwe kenikeni ka matenda kali ndi vuto lomwelo. Mlembi wa ku Roma, Celsus, analemba zaka pafupifupi 2,000 zapitazo kuti zizindikiro za kutupa ndi zinayi: kufiira, kufufuma, kutentha ndi kuwawa. Ophunzira udokotala amaziloweza mpaka lero. Koma pa khungu lakuda kufiira kuja sikuoneka kuti psuu ngati pa zithunzi za m'mabuku. Pamangoda kwambiri, kapena pamatuwa ngati phulusa, ndipo wosazolowera amati mwanayu sakudwala kwenikweni. Malone Mukwende, mnyamata wobadwira ku Zimbabwe amene ankaphunzira udokotala ku St George's mu London, anatopa ndi kufunsa aphunzitsi ake kuti matenda awa amaoneka bwanji pa khungu ngati lake. Mu 2020, asanamalize n'komwe maphunziro, anatulutsa pamodzi ndi aphunzitsi ake awiri kabuku ka zithunzi kotchedwa Mind the Gap, koonetsa zizindikiro za matenda pa khungu lakuda. Pali chinanso chimene chimativuta ife kuposa azungu. Pansi pa khoma pamakhala maselo opaka utoto, ndipo chipwirikiti chikawadutsa amasokonezeka: ena amathira utoto wambiri, ena amasiya kaye. Matenda akatha pamatsala mawanga akuda kapena oyererapo kwa miyezi yambiri. Atsikana ambiri amalira ndi mawangawa kuposa kuyabwa kumene, ndipo ndi mawanga omwewa amene amawatumiza kumsika kukafuna timachubu.

Ndisanafike pa timachubu, ndinene kuti si kuyabwa konse kuli eczema, ndipo kusiyanitsa n'kofunika chifukwa nthawi zina wakubayo amakhalapodi. Mphere ndi chiswe cha khoma limeneli. Kachilombo kake kakakazi kamaboola ngalande m'mizere ya pamwamba ija n'kumaikira mazira awiri kapena atatu pa tsiku. Pa munthu mmodzi pamakhala tizilombo 10 kapena 15 basi, koma thupi lonse limayabwa, chifukwa choyabwitsacho ndi mkwiyo wa alonda pa mazira ndi zonyansa za kachilomboko. N'chifukwa chake munthu wogwidwa koyamba amatha milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi asanayambe kukanda, akupatsira anzake osadziwa. Chizindikiro chake chachikulu n'chakuti nyumba yonse imakanda, makamaka usiku, pakati pa zala, m'mikono ndi m'chiuno. Kumene anthu agona mothithikana, m'mahositelo a sukulu, m'ndende, kapena m'misasa monga ija inadzaza anthu namondwe wa Freddy atawomba mu Marichi 2023, mphere imayenda ngati moto wa lupsa. Bungwe la WHO linaiika pa mndandanda wa matenda onyalanyazidwa mu 2017. Mankhwala ake, benzyl benzoate wodzola kapena mapiritsi a ivermectin, amagwira pokhapokha onse a m'nyumba alandira tsiku limodzi ndipo zofunda zachapidwa n'kuyanikidwa padzuwa. Mwana wa mphere zamafinya akayamba kutupa nkhope ndi kukodza mkodzo wa mtundu wa tiyi, mabakiteriya a m'zilondazo avulaza impso, ndipo ameneyo ndi wothamanga naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Psoriasis ndi nkhani ya uvuni wopasulidwa usanapse. Alonda amalamula oumba kuti afulumire, ulendo wa milungu inayi uja n'kutha m'masiku atatu kapena asanu. Njerwa zosapsa zimaunjikana pa zigongono, pa mawondo ndi m'mutu ngati mamba otuwa, n'kumayoyoka pa malaya. Pellagra ndi khoma losowa zipangizo: munthu wodya nsima yokhayokha popanda mtedza, nyemba kapena usipa amasowa vitamini yotchedwa niacin, ndipo khungu la pakhosi ndi pamanja, pamene dzuwa limamenya, limada n'kusenda. Mu 1990 othawa nkhondo a ku Mozambique oposa 18,000 anadwala matendawa m'misasa ya m'dziko muno mtedza utasiya kufika. M'chaka cha njala ku Phalula kapena ku Nayuchi, khosi lotere si lofunika mafuta odzola, likufuna ndiwo. Ndipo munthu wamkulu amene zidzolo zoyabwa zamubukira thupi lonse osamva mankhwala, ndi bwino ayezetse magazi, pakuti kachilombo ka HIV kamayamba ndi kusokoneza alonda omwewa.

Khate ndilo limafuna kuti tiimepo pang'ono, chifukwa ku Balaka si nkhani ya m'buku. Ku Utale kuli malo amene amishoni a Katolika anasonkhanitsirako odwala khate kalekale, ndipo dzina la Utale mpaka lero limakumbutsa anthu za matendawa. Dziko lathu linafika mu 1994 pa mlingo umene WHO imati khate lachepa, kutanthauza wodwala wosakwana mmodzi mwa anthu 10,000, koma odwala atsopano akupezekabe. Wakuba uyu salowa ndi phokoso. Amayamba ndi banga loyererapo losayabwa, losawawa, ndipo munthu amatha nalo zaka akuyesa chipere. Kuyeza kwake koyamba kumafuna chinthu chimene Balaka amalima yekha: kachidutswa ka thonje. Wodwala amatsinzina, woyeza amamukhudza ndi nsonga ya thonjelo pakhungu labwino kenako pabanga, n'kumuuza kuti aloze pamene wamva. Ngati pabangapo sakumva, mitsempha yagwidwa. Mankhwala ake ndi aulere, a miyezi 6 kapena 12, ndipo amachiza. Zala zopindika ndi zilonda za kuphazi zimene timaziopa zimabwera mitsempha ikafa, ndipo kawirikawiri imafa pa nkhondo ya alonda eni ake, akadzuka mochedwa n'kumenyana ndi kachilomboko m'kati mwa mtsempha. N'chifukwa chake wodwala khate amene mwadzidzidzi mawanga amutupa ndipo mkono ukumuwawa amapatsidwanso mapiritsi oziziritsa chitetezo.

Mankhwala oziziritsa amenewa ndi a gulu la steroid, ndipo ndi omwe ali m'timachubu tija. Oyamba kudzola, hydrocortisone, anawayesa pa odwala ndi Marion Sulzberger ndi Victor Witten ku New York mu 1952. Ntchito yawo ili ngati ya mfumu imene yatuluka pakati pa chipwirikiti n'kunena kuti aliyense abwerere kunyumba kwake. Ngati kunalibe wakuba, monga pa eczema, mawu amenewo ndi mtendere: kuyabwa kumaleka, mwana amagona, oumba njerwa amapeza mpata wokonza khoma. Koma ngati m'khomamo muli chipere kapena mphere, mfumuyo yabalalitsa alonda wakuba akadali m'nyumba. Kuyabwa kumachepa masiku awiri, munthu n'kuyamikira mankhwala, kenako chiperecho chimatambalala mpaka kutaya maonekedwe ake a mkombero moti ngakhale dokotala amavutika kuchizindikira.

M'misika ya Balaka, Liwonde ndi Ulongwe timachubu totere timagulitsidwa pambali pa magalasi ndi zipeso, ndipo tambiri tili ndi betamethasone kapena clobetasol, omwe ndi amphamvu kwambiri kuposa hydrocortisone. Ogula ena amafuna kuchotsa mawanga, ena kuyera. Milungu yoyamba nkhope imasalaladi, koma n'chikomekome cha mkuyu. Mankhwalawa akadzoledwa miyezi amagonetsa oumba njerwa omwe, khoma limapyapyala mpaka timitsempha kuonekera, pamabuka ziphuphu, m'ntchafu ndi m'khwapa mumang'ambika mizere yosafufutika, ndipo tsiku limene munthu wasiya, nkhope imayaka moto moti amabwerera kukagulanso. Zimandipweteka kwambiri ndikaona kachubu kotere kakudzoledwa pa khanda, chifukwa khungu la khanda ndi lopyapyala ndipo mankhwalawo amalowa mpaka m'magazi. Mankhwalawo paokha ndi abwino. Chofunika ndi munthu woyang'ana khungulo kaye, n'kunena kuti awa ndi a pankhope, awa a pathupi, kwa masiku akutiakuti.

Kumayiko olemera kafukufuku wa mfuu ya alonda wabala jakisoni wotchedwa dupilumab, amene analoledwa ku America mu 2017. Iye sabalalitsa mudzi wonse. Amangotseka makutu a maselo kuti asamve uthenga wa interleukin 4 ndi 13. Atangotuluka, mtengo wake unali madola oposa 30,000 pa munthu mmodzi pa chaka. Mayi wa ku Ntaja sadzamuona posachedwa. Komabe kafukufuku yemweyo anamusiyira iyeyo chinthu chogwirika, chomwe ndi chifukwa chomveka chochitira zimene agogo athu ankachita ndi mafuta a nsatsi: kumata khoma tsiku ndi tsiku, ming'alu isanayambe.

Anthu ophunzira za khungu tili nawo ochepa, ndipo ambiri mwa amene amaona odwala m'zipatala za maboma ndi ma clinical officer, amene kumudzi timangowatcha adokotala. Ena mwa iwo anakaphunzira ku Regional Dermatology Training Centre ku Moshi, m'dziko la Tanzania, sukulu imene inatsegulidwa mu 1992 kuti iphunzitse anthu otere a m'chigawo chino cha Africa. Mu Meyi 2025 msonkhano waukulu wa WHO unavomereza kuti matenda a khungu aziwerengedwa pakati pa nkhani zikuluzikulu za umoyo padziko lonse. Ndikanakonda wachinyamata wina wa ku Kamuzu University of Health Sciences atatenga mawu amenewo n'kubwera nawo pa benchi ya chipatala cha boma cha Machinga ku Liwonde, kapena cha Balaka, ali ndi kope ndi kamera. Mafunso ali mbwee. Ofufuza a ku Nottingham anapeza mu 1998 kuti eczema inali yochuluka mwa ana a m'madera a madzi olimba, amene sopo sachita nawo thovu. Kuno tili ndi mijigo imene madzi ake amamveka mchere pakamwa, moyandikana ndi midzi yomwa madzi a Shire, ndipo kuyerekeza ana a mbali ziwirizi sikufuna makina odula. Manja a alimi a thonje amene amapopera mankhwala opanda magolovesi, miyendo ya amayi okhala tsiku lonse m'madzi a mpunga cha ku Chilwa, mafuta a nsatsi poyerekeza ndi a m'sitolo, zonsezi ndi ntchito zoti munthu wa zaka za Langerhans angaziyambe. Ngakhale kungosonkhanitsa zithunzi zabwino za matenda athu pa khungu lathu, odwalawo atavomereza, kungathandize mlangizi wa zaumoyo wa ku Nsanama kusiyanitsa banga la chipere ndi la khate.

Mlongo wanga anapita naye mwanayo kuchipatala. Adokotala anamuyang'ana pakati pa zala, anafunsa ngati ena m'nyumba akukanda, ndipo atamva kuti ayi anamupatsa kachubu ka hydrocortisone ka masiku ochepa. Zina zonse zinali za kunyumba. Chinkhupule chinapachikidwa. Kusamba kunakhala kamodzi pa tsiku, mwachangu, ndi madzi ofunda pang'ono, sopo wosambira wochepa m'khwapa ndi kumapazi basi. Akangotuluka m'bafa, thupi likadali lonyowa, amamupukuta mongogunditsa nsalu n'kumudzoza Vaseline wopanda fungo thupi lonse, kenako madzulo kachiwiri. Zikhadabo zimawengedwa Loweruka lililonse, ndipo pakati pa thupi ndi bulangeti amayala chitenje chakale chofewa.

Ndinabwererako mu Novembala, kukutentha, mitambo ya mvula yoyamba ikusonkhana cha ku mapiri a Chikala. Zigongono zinali zitasalala, kutangotsala mawanga akuda. Kuseri kwa bondo limodzi kunali kutayambanso, pakuti thukuta nalo limadzutsa alonda, ndipo mayi ake anali atadziwa kale kuti matendawa amapita n'kubwera, ngakhale ana ambiri amawachepera akamakula. Madzulo ndinamupeza atakhala pakhonde, mwana ali pamiyendo, akukokota ndi chala m'mphepete mwa botolo la Vaseline lomwe linali litatsala pang'ono kutha.

"Limodzi silikwana mwezi, achimwene," anatero osadzutsa mutu. "Mukamabwera pa Khirisimasi mutigulire lalikulu lija."

Mwanayo anatambasula yekha mwendo wachiwiri, n'kuloza kuseri kwa bondo. "Apanso, amayi."